Ba Abson ndi Chaka Chimene Sichinafike ku Kabwata

Ba Abson anamwalira akukanabe kuti chaka cha 2000 chinafika. Kwathu ku Kabwata, mu Lusaka, aliyense ankadziwa zimenezi. Ukawaonetsa kalendala, ankakuyang'ana ngati wawaponda chala.

"2000 wake uti? Tili ana, m'mabuku anationetsa mamotoka youluka, njanji pamwamba pa nyumba, madzi pampopi uliwonse. Manje iwe wasamba madzi ya m'chigubu, ubwela kuniuza ati 2000?"

Ntchito yawo inali kulemba zikwangwani ndi kujambula pamakoma a mashopu. Koma mayo ine, bambo ameneyu sankajambula chinthu mmene chilili lero! Wometa tsitsi anapempha mitu itatu ndi sizasi, anapeza mituyo ili m'zipewa zagalasi zokhala ndi tinyanga ta wailesi. Wabutchala anapempha ng'ombe. Ng'ombe inajambulidwadi, koma itabereka roketi kumsana, ikudutsa mwezi.

"Ba Abson, ng'ombe iyi iyenda kuti?"

"Ithawa mpeni wanu."

Ngakhale kutchalitchi sanawasiye. Atapemphedwa chingalawa cha Nowa pakhoma la Sande sukulu, chinatuluka ngati mbale ziwiri zovundikirana, njovu zikusuzumira pazenera, moto ukulilima kunsi. Ana anaomba m'manja. Abusa anangopempha kuti motowo auchepetseko, poti ana angausokoneze ndi moto wina uja.

Tinkaseka, inde. Koma kuseka kunachepa chaka chimene ba Mutale, mkulu wina wa kumayadi ku Kabulonga, anagula malo a pakona pamene amayi amagulitsira ndiwo. Pakona pamenepo ndi pamene ba Winifred, mayi wamasiye, analelera ana awo onse ndi tebulo limodzi la tomato. Ba Mutale anamanga khoma, napachika chithunzi chachikulu cha pakompyuta: sitolo yagalasi yokhayokha, tianthu toonda tikuyendetsa agalu pachingwe. Pamwamba analemba kuti tsogolo la Kabwata ndi limenelo. Amayi aja anauzidwa kuti asamuke mvula isanagwe.

Ba Abson anaima n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, manja ali kumbuyo.

"Tsogolo lilibe tomato? Aba anthu azadya galasi?"

Mawa lake anabwera dzuwa likuswa mtengo, atavala ovololo, makwerero ali paphewa. Mukudziwa inu, mu Lusaka munthu wa ovololo ndi makwerero safunsidwa kanthu. Mlonda wa pamalopo, Kevin, anawagwirira makwerero mpaka kuwagulira maheu, poganiza kuti abwana ndiwo awatuma.

Pofika madzulo, khoma lonse linali litasanduka. Ba Winifred anali atajambulidwa pamenepo, aatali kuposa sitolo ija, atavala chitenge ndi chipewa chagalasi, tomato akuwazungulira m'mwamba. Minibasi yamapiko inkadutsa, kondakitala atalendewera pachitseko kuitanira a kumwezi. Pambali panali mpopi ukutulutsa madzi. Kunsi analemba mawu amodzi okha: TIDZAKHALAPO.

"Ba Abson, mphuno iyi si yanga!" anakuwa ba Winifred.

"Ni ya kutsogolo, amai. Kumwamba mpweya ni wochepa, ifunika ikulu."

Ba Mutale anatulukira pagalimoto yawo, nkhope ili gwa.

"Imwe madala, anakulolani ndani kujambula pakhoma langa?"

"Nanga imwe abwana, anakulolani ndani kutichotsa m'tsogolo?"

Kevin anaseka mwangozi, ndipo anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito.

Sabata yomweyo ba Mutale anatumiza anyamata ndi zidebe za laimu, uja timapaka kumitengo ndi pamiyala kukamabwera akuluakulu. Khoma linayera mbee. Ine mtima unandipweteka zedi, ndinatukwana mpaka akazi anga anandikumbutsa kuti ndine wa kwaya. Koma ba Abson eni ake sanadandaule. Iwo ankajambula ndi penti ya galimoto yotsala kumagalaja, yosasuluka wamba.

"Alekeni," anatero akutsuka maburashi. "Mvula ni mboni yanga."

Mvulayo sanaione. Chifuwa chinawagwira, ndipo m'kutentha kwa Okutobala tinawaika m'manda. Pamaliro amayi a pamsika anaimba mpaka mawu kusasa. Pobwerera, palibe amene anafuna kuyang'ana khoma lija. Amayi ena anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Ba Winifred nawonso anamanga tebulo lawo ndi chingwe, akuti akayesa kumsika wa Soweto m'tauni, kumene sankadziwa munthu ngakhale mmodzi.

"Nalema, mwana wanga," anandiuza. "Wotikambilako kumbali yathu anagona."

Anali akudikira wa wilibala woti awanyamulire katundu pamene mitambo inada bii. Mvula yoyamba ija, yonunkhira fumbi, inakhuthuka. Tonse tinathawira pakhonde la wabutchala. Ndiyetu laimu uja anayamba kutsika pakhoma, kuyenderera m'ngalande ngati mkaka.

Choyamba kutuluka inali mphuno.

"Ni ine!" anakuwa ba Winifred. "Mphuno yanga iyo!"

Kenako chipewa chagalasi, tomato, minibasi yamapiko, ndi mawu aja kunsi. Anthu anatuluka pamvula, mafoni m'mwamba, nthungululu zili wee. Ba Winifred ankaseka, misozi ikusakanikirana ndi mvula. Wa wilibala atafika, anamubweza. Anamasula chingwe, nayala tomato wawo pansi penipeni pa chithunzi chawo.

Ba Mutale apakitsa laimu kangapo chiyambire. Kumwamba nako sikutopa.

Sindikunamizani kuti tinapambana. Malo ndi a ba Mutale, ndipo tsiku lina angabwere ndi chigalimoto chogumulira. Kabwata nayo yazizira. Zikwangwani za masiku ano n'zosindikiza pakompyuta, nkhuku imodzimodzi pashopu iliyonse, ndipo ng'ombe ya wabutchala ikufufutika isanafike kumwezi. Ndikamva makwerero akugunda pakhoma ndimacheuka, ndikudziwa bwino kuti si iwo. Ndimawasowa mdala uja, ndithu.

Koma amayi aja anabwerera ndi matebulo awo. Dzulo ndinamva Kevin, atatumidwanso, akufunsa mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"Ba mayo, abwana akuti muzachoka liti?"

Ba Winifred sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kusanja tomato.

"Kawauze ati 2000 ikafika."