Limoti ya ba Ezekiel

Aliyense amene anaonerapo kanema ku Kabwata, mumzinda wa Lusaka, akuuzani kuti kwa ba Ezekiel Bwembya munthu sankafa mufilimu popanda chilolezo. Mdalayo anali ndi kachipinda ka malata kuseri kwa msika, mabenchi, TV yaikulu ndi limoti yomanga ndi mphira. Filimu ikafika poti wopha mnzake akumukweza pokamunyonga, iwo ankadina batani, chithunzi n'kuuma. Munthu wa mufilimuyo ankatsala chiyasamire, chingwe chili m'khosi.

"Manje tikambe," ankatero atatembenukira anthu. "Afe olo asafe?"

"Afe!" chipinda chonse chinkayankha.

"Chabwino. Wamene afuna afe abwele kuno. Akambe zina yake na zina ya amai bake, atinike batani eka."

Apa ndiye pankavuta. Kukuwa uli m'gulu n'kosavuta, koma kuimirira wekha n'kutchula mayi ako pamaso pa munthu wa chingwe m'khosi, ngakhale wa mufilimu, ndi nkhani ina. Amuna a ndevu zawo ankayamba kufunafuna zimene sanataye pansi pa benchi. Tsiku lina chigawenga chinakhala chiimire pa TV masana onse mpaka magetsi anazima. "Wapulumuka uyo," anatero ba Ezekiel. "Apilu ni mailo." Ndiko kuti mlanduwo auonanso mawa.

Imelda, amene ankagulitsa zitumbuwa pakhomo pa kachipindako, ankawaopa koopsa. Anthu ankanong'onezana kuti mdalayo anagwirapo ntchito kundende yaikulu, kuchipinda chimene munthu akalowa satulukanso ndi mapazi ake. Ndipo kunena zoona, ba Ezekiel akamalankhula nawe sankakuyang'ana m'maso, ankakuyang'ana pakhosi. Akangomupatsa moni kuti "Muli shani, mayo?" Imelda ankakokera chitenje mpaka m'chibwano.

Amene analibe mantha anali mwamuna wake, Clive Mwape, wopopera mankhwala a mphemvu m'nyumba za ku Woodlands ndi Kabulonga. Ena akamazengereza, iye ankalumpha mabenchi.

"Clive Mwape, mwana wa Regina!" Chala pabatani, munthu lende.

"Chala chako nichopepuka, mwana wa Regina," ankadandaula mdalayo.

"Ni filimu chabe, mudala."

Tsiku lina filimu inamugwira pakhosi. Atanyongetsa munthu, kumapeto kunadziwika kuti wophayo anali wina. Ba Ezekiel anaimitsa chithunzi pankhope ya mkazi wamasiye akulira. "Bwela umuuze. Vula na kapu." Clive anavuladi chipewa, n'kupepesa TV pamaso pa anthu, chipinda chonse chikufa ndi phwete. Mawa lake anabweranso, chala chili chopepuka ngati kale.

Kenaka chinafika chaka chija cha mphekesera za gasi, pamene Lusaka yense ankakhulupirira kuti pali anthu opopera utsi wokomola m'nyumba za eni. Mlendo aliyense ankaoneka ngati chigawenga. Imelda anachonderera mwamuna wake, bambo wa mwana wawo Towela, kuti asiye kaye kuyenda ndi pampu.

"Bazakupayani, bashi Towela. Isiyeni pa nyumba."

"Anganipaye ndani? Kabwata yonse iniziba."

Masana ena, dzuwa lili paliwombo, Clive anatsika minibasi pafupi ndi msika, pampu ili kumsana. Mayi wina anangoti, "Wa gasi uyo!" Imelda anamva phokosolo ali pazitumbuwa zake. Pamene ankafika, mwamuna wake anali pansi, magazi ali chuchuchu pamphumi. Wina anali akugubuduza tayala, wina atanyamula kabotolo ka petulo. Chimene chinamuopsa kwambiri Imelda n'chakuti nkhope zonsezo ankazidziwa. Anali anthu ogula zitumbuwa zake, okhala benchi limodzi ndi Clive. Anakuwa kuti ameneyo ndi mwamuna wake, koma mawu ake anamira m'phokosomo. Anaona kuti amuphera mwamuna iye akupenya.

Pamenepo anatulukira ba Ezekiel, patapata kuphazi, osathamanga n'komwe. Analowa pakati, n'kuloza gulu lonselo ndi limoti, n'kudina.

"Imani."

Musandifunse kuti zinatheka bwanji. Mwina n'chizolowezi cha zaka zambiri. Anthu anaumadi, miyala ili m'mwamba.

"Manje tikambe. Afe olo asafe?"

"Afe," anayankha ena, koma mawu atachepa.

"Chabwino. Iwe Besa, ndiwe uli na machisi. Bwela kuno. Kamba zina yako na zina ya amai bako. Olo nikuthandize? Ba Pearl, bamene baimba mu kwaya." Anatembenuka. "Na iwe wa tayala, mwana wa ba Chola. Abwele umozi. Osati bantu, umozi."

Besa anayang'ana machesi aja ngati wina wamuikira m'manja osamuuza. Kumbuyo kunayamba kumveka miyala ikugwa pansi, wina apa, wina apo. Wa tayala anakumbukira kuti wasiya shopu yosatseka. Posakhalitsa panatsala Imelda, mwamuna wake, mdalayo ndi fungo la mankhwala a mphemvu.

Clive atachira, Imelda analimba mtima n'kuwafunsa ba Ezekiel ngati zimene anthu ankanena zinali zoona. Tsiku limenelo anamuyang'ana m'maso.

"Ine sininanyongepo muntu, mayo. Nenze kusegula chabe chitseko. Wina anasaina, wina anapima ntambo, wina anapempela. Aliyense enze kukamba ati sindine. Koma muntu anafa."

Anamwalira patangopita milungu yochepa dziko litathetsa chilango cha imfa, ndipo anthu ankaseka kuti mdala waona kuti filimu yake yatha. Kumanda, abusa atanena kuti dothi liponyedwe, palibe amene anasuntha. Aliyense ankadikira mnzake. Abusa anatsokomola, n'kubwerezanso. Pomaliza Clive anatuluka, chipewa chili m'manja.

"Clive Mwape, mwana wa Regina," anatero atatapa dothi. Dothilo linamutengera nthawi kuti alisiye.

Lero kachipinda kaja ndi kometera tsitsi. Anthu amaonera mafilimu pafoni, aliyense payekha, ndipo mufilimumo anthu amafa mwaunyinji popanda wofunsa. Limoti ija ili ndi Clive, amayenda nayo m'thumba la ovolosi. Kumsika kukamveka kuti "Kawalala!", anthu akukuwira wakuba, iye amasiya chilichonse n'kuthamangira komweko, chipsera chili pamphumi. Imelda amatsala pazitumbuwa zake atagwira pakhosi. Kabwata yadzaza anthu achilendo, ndipo Clive sadziwa mayina a amayi awo.