Kachewere wa Kumsana

Inu, tamverani, museke ndikamaliza. Chaka chimene anakweza msonkho wa pamsika pa Kalomwe, kumalire kuno, dengu lililonse lolowa linkalipira eskudo zisanu. Ogulitsa anakweza mitengo, ogula n'kumangodutsa ulendo wa ku Dedza, kumene kachewere yemweyo anali wotsika mtengo. Ogulitsa atachepa, akuluakulu anaona kuti msonkho sukukwana, ndiye anaukwezanso. Anthu a sukulu amenewo.

Ife tinkafuna bulangete. Chisanu cha Junyu chinali pakhomo, ndipo Pita wanga wa miyezi isanu ankatsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Kachewere tinali naye dengu limodzi lokha. Kuchotsapo msonkho, bulangete palibe. Ku Dedza nako chitupa chowolokera tinalibe.

Amuna anga a Zeferino ndi munthu woganiza. Chilema chawo n'chokhacho.

"Amake Pita, dengu limalipira. Nanga mwana wa kumsana?"

"Salipira."

"Basitu."

Pita tinakamusiya kwa mlamu wanga Rufina. Kachewere tinamuthira m'kathumba, ine n'kumubereka ndi nsalu ziwiri, wamkulu kwambiri tinamuika pamwamba n'kumuveka chipewa. A Zeferino anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti wafanana ndi akuchimuna.

Tisanafike patali, tinakumana ndi amayi a Carlota, akazi awo a katekisita wa ku Fonte Boa, munthu amene sadutsa mwana osamugwira.

"Wadzuka bwanji mnyamatayu?"

"Wagona, amayi."

"Ndi wofatsatu!"

"Kwambiri."

Anamusisita kumsana, nkhope n'kusintha. "Mayo ine! Mwanawe, zotupa zonsezi?"

"N'za kumtundu kwa bambo ake."

A Zeferino anayang'ana kumapiri. A Carlota anatulutsa kolona pomwepo, anatiperekeza akupemphera, uku akundikalipira kuti mwana wodwala amagwedezedwa. Inu, munayamba mwagwedeza dengu lathunthu la kachewere pa chitunda? Atapatuka kuti akauze azimayi anzawo, msana wanga unali utasiya kukhala wanga.

Kugwedeza kuja kunamasula nsalu. Pachipata cha msika, pamene panakhala sipayi Celestino, msilikali wotolera msonkho, kachewere mmodzi anatsetsereka, gubudu gubudu mpaka pa nsapato yake. Anamutola, anamupukuta bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mayi, mwana wanu wagwetsa bondo."

"Zikomo, bambo."

"Mwana salipira. Lowani."

A Zeferino anandikodola ndi chigongono, maso akuwala ngati apambana mlandu. Mumsikamo munali ogulitsa atatu ndi mbuzi imodzi. Koma mwayi wake, panaima lole, woyendetsa n'kutsika akufuula kuti akufuna kachewere, mtengo uliwonse. Ndinayamba kumasula mfundo. Ndikutembenuka, Celestino wafika kale ndi kampando kake.

"Mukumasula chiyani, mayi? Ngati ndi kachewere, ndiye wozembetsa, ndilanda yense. Ngati ndi mwana, kugulitsa mwana ndi mlandu wokaweruzidwa ku Tete. Ndiye n'chiyani?"

A Zeferino anaganiza. Ndakuuzani kale za kuganiza kwawo.

"Ndi mwana," anatero.

"Ndimaonanso choncho. Mangani bwino, angazizidwe."

Wa lole uja anadikira pang'ono, analavula, n'kuwoloka kupita ku Dedza. Celestino sanachoke. Ntchito ina akanaipeza kuti, msika wopanda anthu? Anakhala nafe mpaka dzuwa kupendeka, akundifunsa ngati mano ayamba kumera. Ine mabere atadzaza, bulauzi yonyowa, mwana weniweni akulira kumudzi. Potuluka anatitsanzika mwaulemu: "Mwana woleredwa bwino. Tsiku lonse osalira."

Pobwerera ndinamuberekanso ndekha, pakuti a Zeferino anati mwamuna kubereka mwana pamsewu anthu angakayikire.

Bulangete silinagulidwe. Pita tinamufunditsa kazako, jekete la bambo ake lopitira ku misa, iwo n'kumayenda ndi malaya okha, mano akugundana, akuuza anthu kuti chaka chino sikukuzizira.

Lamulungu lake masana, ndikungoona a Carlota ndi azimayi asanu ndi atatu akulowa pabwalo, abwera kudzaona wodwala. Anamuvula Pita, kumutembenuza uku ndi uku, khungu see, chotupa n'chimodzi chomwe. Anagwada pomwepo n'kuyamba nyimbo yothokoza. Tsono alendo oyenda mtunda wonsewo sungawabweze ndi njala, ndipo m'nyumba munalibe chakudya china.

Tinawaphikira wodwalayo. Anamudya mpaka mutu.