Matambula Ansanje a Hunsicker

M'tauni yathu ya ku Pennsylvania munalibe munthu amene anagwiranapo chanza ndi a Tobias Hunsicker. Ukawatambasulira dzanja, iwo ankabisa awo kumbuyo ngati wawapatsa njoka.

"Mafuta, achimwene," ankatero. "Mwadya nkhumba inu, pakamwa pakuchita kunyezimira."

Gwero la zonsezi linali matambula agalasi oyimbira amene agogo awo anawoloka nawo nyanja, ondandalikidwa m'bokosi lamatabwa. A Tobias ankathira madzi m'tambula iliyonse pa mlingo wake, n'kumazunguliza chala chonyowa pamlomo pake mpaka italira mokoma, moti ndi zidakwa zomwe zinkavula zipewa. Koma chala chikangokhudza mafuta, tambula inkangoti zii. Tsoka ilo, akazi awo a Lavinia ntchito yawo inali yopanga batala.

Pa ukwati wawo, a Tobias anaveka akazi awo mphete atakulunga zala ndi mpango. A Lavinia anaseka nawo anthu, koma mumtima zinawapweteka, ndipo anachita kumera nazo imvi. Chimene ankafuna n'chimodzi basi, kuti mwamuna wawo adzawagwire dzanja.

"Kodi munakwatira ine kapena bokosilo?" anawafunsa tsiku lina.

"Inuyo, mayi. Kungoti bokosilo ndi lansanje."

Khirisimasi ina madzi anaundana ndi kuzizira mumtsuko wa kutchalitchi, ndiye mkuluyu anathira mowa wa maapozi m'matambula. Ndime ikatha ankati, "Iyi yatsika mawu," n'kupsonthako. Paja tambula ikachepa zam'kati imakweza mawu. Nyimbo inakwerakwera mpaka amayi a kwaya anayamba kulira ngati ana a nkhumba opanikizika pampanda. A Lavinia anangobisa nkhope m'buku la nyimbo.

"A Hunsicker," anafunsa Abusa a Zeller, "nyimboyi ikupita kuti?"

"Kumene mumatilozera Lamulungu lililonse, abusa. Ine ndangofupikitsa njira."

Ukalamba utafika, chifuwa chinawagoneka a Tobias. M'mawa wina a Lavinia anachoka pa batala wawo kudzawafunditsa bulangete.

"Bweretsani dzanja, mayi."

"Dikirani ndikasambe."

"Ayi, lomwelo. Bokosi n'lotseka, silikuona."

Analigwira ndi manja onse awiri, batala n'kumatuluka m'mipata ya zala.

"Kani ndi lofewa chonchi? Bwanji simunkanena?"

"Ndinkanena, gonthi inu," anatero a Lavinia, misozi ikutsika. Sanawasiye dzanjalo mpaka madzulo a tsikulo, pamene a Tobias anatsikira kuli chete.

Masiku ano aliyense m'tauni amapereka chanza mopanda mantha, koma maukwati sakoma ndipo nyimbo za Khirisimasi zimathera pomwe zayambira. Timawasowa mkulu uja. A Lavinia nthawi zina amatsekula bokosi lija, n'kuzunguliza chala pa tambula, ali ndi batala wawo yemwe. Tambula imangoti zii.

"Nyanyalani," amaiuza. "Womaliza kumugwira ndine."