Thalauzi Langa ndi Apongozi

Pali zinthu zimene mkamwini sayenera kuchita pamaso pa apongozi ake, ndipo ine ndinachita yaikulu mwa zonsezo, masana dzuwa likuswa mtengo.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anabwera kuchokera ku Kasungu kudzakhala nafe miyezi itatu ku Girrawheen, dera limene timakhala kuno kutsidya kwa nyanja. Ndi anthu a mwambo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili m'banja, anali asanandiyang'anepo m'maso. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo: "Uwauze bambo akuno kuti tiyi wapsa."

Loweruka lina tinapita nawo kunyanja. Kunja kunkatentha ngati m'chigafa cha fodya, azungu onse ali m'makabudula, koma ine ndinavala thalauzi lakutchalitchi (mawondo a mkamwini saoneka wamba). Madzi anali atabwerera m'kati mwa nyanja monga amachitira kuno, n'kusiya tizithaphwi m'miyala, mamita ochepa chabe kuchokera pamene timaimika magalimoto. Mmenemo munali dziko lina: tinkhanu tobisala m'ming'alu, tinsomba tooneka ngati mchenga, nkhono zomata pamwala zosatheka kuzula, ndi tina tonga maluwa timene ukatikhudza timadzifinya. Apongozi anawerama n'kumangoti, "Mulungu ali ndi nthawi."

Kenako anauza mkazi wanga kuti zigoba za nkhono zoterezi zingakongole pakabati yawo kumudzi. Mwayi wa mkamwini uwu! Ndinapinda thalauzi pang'ono, n'kutola zigoba zinayi zazikulu, kuponya m'thumba la thalauzi. Chikwangwani chochenjeza chinalipo pamakwerero, koma ndinachidutsa ngati munthu wodziwa zonse.

Posakhalitsa ndinamva kanthu kozizira kakuyenda pantchafu. Nditayang'ana, ndinaona timiyendo tofewa tikutuluka pakamwa pa thumba, kenako kamutu. Kanyama konse sikanali kopitirira chala changa chachikulu. Mwadzidzidzi thupi lake linayaka timizere tozungulira ta buluu, tokongola ngati pachitenje chatsopano. Kenako kanabwerera m'thumba.

"Taona kokongolaka," ndinatero.

Mkazi wanga ndi namwino, ndipo sachita mantha ndi magazi kapena maliro. Koma nkhope yake inasintha.

"Usapisemo dzanja! Ndi okutopasi wa mizere ya buluu ameneyo. Akakuluma mapapo amaima, ndipo mankhwala ake kulibe. Vula thalauzi!"

"Sikanandilume."

"Sumva kuwawa kakaluma. Vula!"

Mawu akuti sumva kuwawa ndi amene anandimaliza. Pompo milomo inayamba kuchita dzanzi, mpweya kuperewera. Ndinaganiza za bokosi langa likukwezedwa m'ndege, anthu a pagulu lathu la Amalawi akufunsana kuti wafa ndi chiyani, yankho lake n'kukhala nkhono. Mantha amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Komabe manja anafika pa lamba n'kuima. Apongozi anali chiimire patsogolo panga. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna pobisala, koma kunyanja kuno kulibe ngakhale chitsamba. Ndinayamba kuyenda chotsimphina kulowera kugalimoto, mwendo umodzi uli tasa, kuti mwina ndikavulire kumeneko.

"Ukupita kuti? Ukakafinya kakuluma!" anakuwa mkazi wanga, foni ili kukhutu.

Apa ndi pamene apongozi anandizungulira n'kuima maso ndi maso ndi ine, koyamba m'mbiri ya banja lathu.

"Bambo, vulani. Mwana wanga sanakwere ndege kudzakhala wamasiye kuno."

Ndinavula. Thalauzi linagwa pamwala, ine n'kutulukamo ngati mbuzi yodumpha moto (za kabudula wam'kati amene ndinavala tsikulo tisakambe, anali wopuma pantchito). Apongozi anatembenuka, namasula chitenje chawo chapamwamba, n'kundiponyera chakumbuyo osacheuka. Kanyama kaja kanatuluka pang'onopang'ono, n'kutsetserekera m'chithaphwi chake ngati palibe chachitika.

Kuchipatala anandigoneka maola angapo akuyang'anira kapumidwe kanga, ndili m'chitenje cha chigwirizano cha amayi. Sanapeze bala lililonse. Dzanzi lija, dokotala anati, linali la mantha. Anandiuzanso mwaulemu kuti chigoba cha m'chithaphwi chimakhala ndi mwini wake, ndipo sichitoledwa.

Ndinkaganiza kuti poti tayang'anana m'maso, mpanda wagwa, tsopano tizicheza. Ayi ndithu. Tsiku lonyamuka, pabwalo la ndege, ndinawabwezera chitenje chija nditachichapa n'kuchisita. Iwo anayang'ana mwana wawo.

"Uwauze bambo akuno asunge. Sitidziwa tsiku limene adzatolenso nkhono."