Rilu Yanu Yatidyetsa Chithunzi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Thornbury Falls, opanga zipangizo zowedzera nsomba,
Kulikonse kumene muli.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada. Pepani kuti ndakulemberani m'Chichewa. Chingerezi changa chonse chinathera m'kabuku ka malangizo kamene munaika m'bokosi muja. Mukafuna womasulira, ku Lanham kuno aliko ambiri, mungodikira aweruke ku shifiti.

Ine ndine Luntha Kalekeni, mwana wa ku Ntcheu, kumene nsomba timakumana nayo pa msika itauma kale. Ndili ndi madigiri awiri, ndipo ndimagwira ntchito ku Bethesda, mu ofesi yofufuza za matenda a anthu ena. Mwezi wathawu ndinagula rilu yanu, kagudumu kokulungira chingwe cha mbedza kaja, pa mtengo wa madola 700. Ndalemba kuti ndithokoze.

Muyambe mwadziwa chimene chinandituma. Apongozi anga, bambo Henderson, anabwera kuchokera ku Liwonde kudzaona mwana wawo Gwendoline, amene ndi mkazi wanga. Bambowa awedza mu Shire zaka makumi asanu ndi nsungwi, ulusi ndi nyongolotsi, moti ng'ona za kumeneko zimawapatsa moni. Ali ndi malo m'mbali mwa mtsinjewo oti apatse mmodzi mwa ana awo aakazi awiri kuti amangepo, koma akuti aone kaye kuti mwamuna wa ndani ali ndi manja ogwira ntchito. Wopikisana nane ndi Melvin, mwamuna wa mwana wawo winayo, woyendetsa minibasi pakati pa Balaka ndi Liwonde. Ine apongoziwo amangonditchula kuti "a Digiri". Ndiye mnzanga wa kuntchito, Sean, atandiuza kuti kumapiri a Maryland kuli mitsinje ya nsomba zotchedwa trauti, ndinati malo aja ndawapeza. Ndinalonjeza pamaso pa banja lonse kuti Loweruka ndiwo zichokera kwa ine. Gwendoline anaitana a Chilufya a kutchalitchi ndi akazi awo, n'kuduliratu tomato ndi anyezi ife tisananyamuke.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mtengo. Wogulitsa anandionetsanso rilu ina ya madola 40, nati pa nsomba za m'timitsinje tathu tino imeneyo ikwanira. Ndinamuyang'ana ngati wanditukwana. Kwathu chinthu chodula chimagwira ntchito yambiri: njinga yodula imanyamula matumba ambiri, khasu lodula silibwerera pa nthaka youma. Ndinkayesa kuti pa madola 700 nsomba zimabwera zokha, zina zitapalidwa kale mamba. Inu simunandinamize, Bwana. Munangokhala chete ine ndikudzinamiza, ndipo ulemu woterewu ndi wosowa masiku ano.

Chachiwiri, chija mumachitcha dragi. Kabuku kanu kakuti ndi buleki ya timbale ta kaboni ndi chitsulo, yomatidwa kuti mchenga ndi madzi zisalowe. Ine ndikamva za buleki ndimaganiza zoimitsa. Sindinadziwe kuti buleki yanu ntchito yake ndi kulola nsomba kuthawa mwaulemu. Trauti yoyamba itameza kantchentche kabodza ka nthenga kamene inu mumati nyambo, chingwe chinangoyamba kutuluka myaa, popanda ndi phokoso lomwe, nsomba ili pa ulendo wa ku Baltimore. Apongozi anali pamtunda ndi jumbo, mpeni ndi mchere wa m'pepala. Anakuwa: "Kokanitu, a Digiri! Mukuiperekeza kodi?" Ndinapotokola kachitsulo ka dragi kaja mpaka kumapeto, n'kukoka ngati mwamuna. Ulusi wa kutsogolo, woonda ngati tsitsi, unaduka pomwepo. Apongozi anati nyongolotsi za ku Liwonde sizinawachititsepo manyazi otere, chikhalirecho n'zaulere.

Chachitatu, ndipo apa ndiombe m'manja: rilu yanu imagwira ntchito. Tsoka langa lonse lagona pamenepa. Trauti yachiwiri itadya nyambo, ndinamvera kabuku m'malo mwa apongozi. Ndinamasula dragi. Nsomba ikathawa ine kuilola, ikatopa ine kukulunga, ngati ankhoswe pa mlandu wa banja, mphindi makumi awiri zathunthu. Kenako inatulukira: yamawangamawanga, yonenepa, kutalika kwake kuchokera pa chigongono changa mpaka ku zala. Bwana, ndinaona apongozi akumwetulira koyamba chitsikireni ndege. Anatambasula jumbo, nati, "Mkamwini, bwera nayoni." Mkamwini! Zaka zisanu ndi zinayi ndikudikira mawu amenewo. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kuumba njerwa ku Liwonde.

Apa m'pamene Sean, amene anaima m'madzi chapafupi, anandilozera chikwangwani chokhomedwa pa mtengo. Chigawo chimenecho cha mtsinje, nsomba ukaigwira umaibweza yamoyo. Kuitenga ndi mlandu. Iye ankayesa ndikudziwa. Ine ndinkayesa kuti munthu wovala buluku la mphira mpaka pachifuwa, n'kuima m'madzi ozizira kuyambira m'mawa, ndiye kuti kunyumba kwake kulibe ndiwo. Ndinanyowetsa manja monga anandilangizira, akuti kuti khungu la nsomba lisapweteke. Anandijambula. Kenako ndinaigoneka m'madzi pang'onopang'ono ngati khanda, mpaka inapezanso mphamvu n'kumapita osatembenuka. Apongozi anavula chipewa. Anapinda jumbo ija kanayi n'kuilonga m'thumba la jekete.

Chachinayi n'chachifupi. Pobwerera tinaima pa sitolo ina ku Lanham n'kugula nsomba zinayi za mufiriji pa madola 12. A Chilufya anadya mpaka mutu, nati, "Mwagwira zabwino maningi, mulamu!"

M'mawa mwake apongozi anaimba foni kumudzi, mokweza monga amachitira anthu polankhula ndi akutali. Ndinamva ndili m'khitchini: "Mwana wathu anakwatiwa ndi munthu wogwira nsomba, kuijambula, kuipepesa, n'kuiuza kuti ipite bwino. Muwauze a Melvin ayambe kufunsa mtengo wa mchenga. Wobweza nsomba m'madzi adzabwezanso malo kwa amfumu." Gwendoline, amene wakhala akugwira mashifiti awiriawiri kusamalira okalamba uku akulota khonde loyang'ana Shire, sanandikalipire ngakhale pang'ono. Anangotenga rilu yanu ija n'kukaiika pa shelefu ya pabalaza, pakati pa madigiri anga awiri.

Ndawerenga lonjezo lanu lakuti rilu ikathyoka mudzaikonza kwa moyo wanga wonse. Rilu ili bwinobwino, Bwana, ndipo idzaona maliro anga ikunyezimira chomwechi. Chathyoka n'china, ndipo m'kabuku kanu mulibe tsamba lake. Ndalama zanga musabweze ayi. Palibe koleji imene inandiphunzitsa zambiri chotere tsiku limodzi.

Pempho langa ndi laling'ono. Apongozi akunyamuka Lachiwiri la sabata la mawa, ndipo nkhani ya malo akaimaliza akangofika. Loweruka likubwerali mubwere nokha ku Lanham, osatuma mnyamata wa zamalonda. Mudzakhale pansi, muvule chipewa, mufotokozere msodzi wa mu Shire chifukwa chimene munthu wamutu wake amalipirira madola 700 kuti nsomba itope bwino isanabwerere kwawo. Mudzawauzenso kuti ochita zimenezi tilipo ambiri, ena madokotala, ena maloya. Mwina akamva kuti ndi mwambo wa mtundu wathunthu, osati misala yolowa m'banja mwawo, malo aja abwerera kwa Gwendoline. Ine ndidzamasulira mokhulupirika, osachotsapo kanthu.

Musadye pochoka kwanu. Kwathu mlendo sabwerera ndi njala. Tidzakuthirirani madzi m'manja, tidzakutulutsirani mbale yathu ya alendo, tomato ndi anyezi m'mbali, ndipo pakati pake chithunzi cha trauti ija. Mukadzakhuta, chonde mudzatibwezere chili bwinobwino, kuti ena adzadyenso.

Ine wanu wogwada m'madzi ozizira,

Luntha Kalekeni, "a Digiri"
Lanham, Maryland