Mmene Ndinanyozera Denga la Galimoto Yanga

Galimoto yanga ikamadutsa pa Msakambewa, abambo amakweza dzanja, inenso ndimakweza langa. Koma amayi a chigwirizano a kumpingo kwathu akaiona amayamba ayang'ana kumwamba ngati kuli mitambo, kenako amagwirana mapewa n'kumaseka. Popeza nkhaniyi yafika kale mpaka ku Ntchisi, ndipo aliyense akuiwonjezera mchere wake, ndaona kuti ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Mkazi wanga Nabanda, amene anatsogola zaka zingapo zapitazo, sanali munthu wopempha zinthu. Koma chinthu chimodzi ankachibwereza. Akabwera ku maliro kapena ku msonkhano wa amayi atakwera matola, bulauzi yoyera itafiira ndi fumbi, ankakutumula mpango wake pakhonde n'kunena kuti, "Abambo a Tiyanjane, tsiku limene mudzagule galimoto, idzakhale ndi denga kumbuyo. Azimayi si matumba a chimanga." Ine ndinkangoti "Ndamva," chifukwa nthawi imeneyo ngakhale njinga yanga inalibe mabuleki. Koma ndinamvadi.

Chaka chino Mulungu anatikomera mtima. Fodya anayenda bwino, soya nayenso, ndinagulitsa ng'ombe zingapo, ana nawonso anaponyapo dzanja. Kuyendetsa ndinaphunzira kale ndili mnyamata pamene ndinkagwira ntchito pa esiteti. Choncho tsiku lina ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinapemphera, ndinakwera minibasi pa Dowa Boma kupita ku Lilongwe.

Tsopano mundilole ndidzitame pang'ono (sindichita kawirikawiri). Kwathu kuno munthu akafuna kugula ng'ombe amabwera kudzanditenga ine. Luso limeneli ndinaphunzira kwa malemu bambo anga, ndipo malamulo ake ndi osavuta. Usayamikire ng'ombe pamaso pa mwini wake. Imene waikonda kwambiri ndiyo uinyoze kwambiri: nyanga zapindika, mwendo ukukoka, yakalamba. Ndipo mwini wake akayamba kuopseza kuti abwerera nayo kukhola, usanjenjemere, ungoyang'ana kumwamba ngati ukuwerenga akhwangwala. Sabwerera nayo. Ine chiyambireni palibe amene anabwerera nayo.

Ndi nzeru zimenezi ndinalowa m'nyumba yogulitsira magalimoto, pansi pake pakuwala moti ndinapukuta nsapato kawiri. Ndipo apo inali itaima: yoyera, yapamwamba bwino yoti n'kukwera mapiri athu, kumbuyo kuli denga lolimba lokhala ndi mawindo otsegula chotsetsereka. M'maganizo ndinamuona Nabanda atakhala m'menemo, mpango uli mbee. Nthawi yomweyo ndinakwinya nkhope ngati ndili pa maliro.

Anandilandira mayi wina wachitsikana, wamsinkhu wa mwana wanga Tiyanjane, dzina lake Chikondi. Waulemu ndithu. Anandipatsa mpando ndi madzi ozizira, ndipo anafotokoza bwinobwino kuti galimoto ili ndi mtengo wake, koma palinso zina zowonjezera zimene munthu amasankha: wailesi yokhala ndi kanema, magalasi akuda, zitsulo zotchinga kutsogolo, ndi denga lija, limene iye ankalitchula kuti kanopi. Ine mumtima ndinati, ndakumva mwana wanga, ogulitsa ng'ombe nawonso amati chingwe ndi chapadera.

Ndinayambira zazing'ono, monga mwa dongosolo.

"Wailesi iyi ndi ya chiyani? Pakamwa ndili napo, nyimbo za Mulungu ndiziimba ndekha."

"Chabwino bambo, tichotsa," anatero Chikondi. Mtengo unatsika.

"Nanga magalasi akudawa? Ine ndine mkulu wa mpingo. Anthu aziti ndabisamo ndani?"

Anaseka. "Tichotsa, bambo." Unatsikanso.

"Zitsulo zakutsogolozi, ndikukagunda ndani?"

"Nthawi zina mbuzi zimadumphira mumsewu, bambo."

"Mbuzi za kwathu zimandidziwa."

Unatsikanso. Ndinayamba kumumvera chisoni mwanayu. Ndinaganiza kuti abwana ake sanamuphunzitse kulimba. (Onani mmene Satana amalowera: amadzera pa khomo la chifundo.)

Ndiye tinafika pa denga. Apa ndinaimirira, ndinazungulira galimoto pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Ndinaligogoda ndi chala. Ndinasuzumira m'kati. Ndinapukusa mutu nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani? Khola la nkhuku?"

Ambuye andikhululukire, linali denga lokongola kuposa la nyumba yanga.

"Bambo," anatero Chikondi, "ku Dowa mvula imagwa, misewu ndi yafumbi. Ambiri ochokera kumeneko amalikonda."

"Ambiri ndi ambiri. Ine ndikuona chinthu chongolemetsa galimoto."

"Ngati simukulifuna, tikupatsani yopanda denga. Mtengo utsika kwambiri."

Ehe! Nthawi ija yakwana. Mwini ng'ombe akuti abwerera nayo kukhola. Ndinapinda manja, ndinayang'ana kumwamba. Akhwangwala kunalibe, ndinawerenga mababu. Mumtima ndinkati, ndani angagulitse ng'ombe n'kuidula mchira? Denga lamangiriridwa kale, akalimasula akaliika kuti?

"Mwatsimikiza, bambo? Yopanda denga?"

"Mwana wanga, ine sindilankhula kawiri."

Atatchula mtengo womaliza ndinatsala pang'ono kuimba nyimbo yoyamika pomwepo. Ndinapita kubanki, ndinalipira, ndipo anandiuza kuti ndidzabwere Lachisanu la sabata yotsatira akamaliza za manambala. M'minibasi pobwerera ndinamulipirira munthu wina amene sindinkamudziwa n'komwe.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinangouza munthu mmodzi, chapansipansi: mayi Nankhoma, wapampando wa chigwirizano, amene anali mnzake wa Nabanda kuyambira ali atsikana. (Kuuza mayi Nankhoma chapansipansi n'chimodzimodzi kuimba belu.) Amayiwo anali ndi msonkhano Loweruka ku mpingo wina ku Ntchisi, ndipo mvula inali itayamba kale. Ndinati, "Musavutike ndi matola. Ndikakutulani ndine, pansi pa denga, monga ankafunira mnzanu uja. Maambulera musiye kunyumba." Mayi Nankhoma anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Inenso ndinayang'ana kumbali.

Lachisanu ndinafika ku Lilongwe m'mawa. Galimoto inatuluka itatsukidwa, ikunyezimira, manambala atsopano ali mbee. Kumbuyo kuli pululu. Yadazi ngati mutu wanga.

"Ndi imeneyi bambo, monga munafunira," anatero Chikondi akundipatsa makiyi ndi manja awiri.

Ndinayang'ana pakona. Denga langa linali litagonekedwa pa matabwa, mawindo ake akundiyang'ana. Mwini ng'ombe anali atadula mchira.

Munthu wanzeru akanalankhula pomwepo. Koma ine ndinali nditanena pamaso pa mwanayu kuti sindilankhula kawiri, ndipo antchito onse anali ataima pakhomo kuti andiombere m'manja. Ndinati, "Zikomo kwambiri." Ndinaliza injini, ndinanyamuka. Njira yonse mpaka ku Dowa sindinaimbe nyimbo ngakhale imodzi, ndipo wailesi munalibe.

Madzulo ndinapita kwa a Yusufu, mnzanga wa golosale pa Msakambewa, amene amagulanso soya. Anamvetsera nkhani yonse ndevu zili m'dzanja, osaseka, ndipo ndicho chifukwa chake ndimawalemekeza. Kenako anati, "Achimwene, tenti ndili nayo yofunditsira matumba. Koma tenti si denga."

"Ndi ya tsiku limodzi lokha."

"Mvula nayonso imagwa tsiku limodzi lokha," anatero.

Tinadula nsungwi, tinazipinda ngati uta, tinazimanga ndi linya, tinafunditsa tenti. Kunena zoona inaoneka bwino ndithu, makamaka munthu ukaima patali.

Loweruka m'mawa amayi anafika atavala zoyera, atasita, mabuku a nyimbo ali m'manja, opanda ambulera ndi mmodzi yemwe. Mayi Nankhoma anaima, anayang'ana tenti, anayang'ana ine.

"Akuluampingo, denga lija ndi limeneli?"

"Ili ndi lolowa mpweya wabwino," ndinatero.

"Oho."

Ndinawapempha kuti akhale nane kutsogolo, koma anakana, amvekere mtsogoleri sasiya gulu lake. Anakwera onse, anayamba nyimbo, tinanyamuka.

Mvula inatipeza tikuyamba kukwera mapiri. Poyamba ndinali wokondwa: ndinkamva madontho pa tenti, nyimbo ikupitirira, ndipo ndinati mumtima, Nabanda, waona? Chimene sindinkaona n'chakuti tenti inali itachita mimba pakati pa nsungwi, madzi akudzazamo ngati m'chitsime. Amayi anaona, koma anaganiza kuti ndi mmene denga lamakono limakhalira. Tsono pokhota pena potsetsereka tayala linagwera m'dzenje. Ndinamva kuti phwa! Kenako khwaa! Nyimbo inadukira pakati pa liwu.



Ndinaimika galimoto pambali, ndinatsika mvula ikundimenya. Nsungwi yapakati inali itathyoka, madzi onse atakhuthukira pa amayi. Ndipo sanali madzi wamba. Tenti ija inali itasunga fumbi la nyengo yonse yogula soya, choncho mabulauzi onse anali ofiira ngati amayiwo achokera kukazira nyumba. Onse anali duu, akundiyang'ana pansi pa mipango yodontha.

Mayi Nankhoma anafinya buku lawo la nyimbo. "Akuluampingo, tafotokozani."

Ndinafotokoza zonse nditaima m'matope: za malamulo a bambo anga, za khola la nkhuku, za kuwerenga mababu. Ndinkadikira chidzudzulo. Koma mapewa a mayi Nankhoma anayamba kugwedezeka, kenako anaphulika kuseka mpaka anagwira m'mbali mwa galimoto.

"Amayi, mwamva? Ndi omwe aja, sanasinthe! Abambo awa tsiku limene anabwera kudzafunsira Nabanda anauza amalume ake kuti, mwana wanuyu ndi wowonda, kaya adzatha kulima. Ife tili kuseri kwa nkhokwe tikumva!"

Galimoto yonse inaseka, ndi amene ankanjenjemera omwe.

"Nabanda ankatiuza," anapitiriza, "kuti amuna anga akati ndiwo zalowa mchere, ndiye kuti ndiwawonjezere. Koma iye uja anakhala nanu mpaka anakudziwani. Nanga mwana wa eni ake ku Lilongwe akudziwani bwanji tsiku limodzi?"

Ndinangovula jekete n'kufunditsa agogo ena amene anakhala kumapeto.

Tinafika ku Ntchisi. Eni malo anathamanga ndi zitenje zouma, ndipo amayi athu anaimba atavala zobwereka zamitundumitundu. Akuti anaimba bwino kuposa masiku onse, koma ine ndinamvetsera ndili panja, ndikumasula nsungwi.

Lolemba ndinali ku Lilongwe asanatsegule n'komwe. Ndalama zimene ndinkadzitama kuti ndapulumutsa zinali m'thumba la m'kati. Chikondi atandiona anadabwa.

"Bambo, galimoto yavuta?"

"Ayi, ikuyenda bwino." Ndinatsokomola. Ndinayang'ana pakona, denga linali likadali pomwepo. "Khola la nkhuku lija..."

"Inde bambo?"

Lilime linafuna kunena kuti mwina ndingolitenga kuti lisakutsekereni malo. Mawuwo anali atafika kale pa mano. Ndinawameza. Ndagulapo ng'ombe zolusa, ndalalikirapo pa maliro a anzanga, koma sindinachitepo thukuta ngati tsiku limenelo.

"Ndikulifuna," ndinatero. "Ndi lokongola. Ndinalikonda tsiku lomwe lija. Malemu mkazi wanga ndiye analifuna."

Chikondi anati, "Bambo, mukanangonena." Anaitana amisiri, ndipo dzuwa lisanafike pamutu denga linali pamalo pake. Mtengo unali womwe uja, sanachotsepo kanthu, ndipo ine sindinayang'ane kumwamba.

Koma munthu sasintha tsiku limodzi. Potuluka ndinaona timakapeti tamphira toyala popondapo, tabwino kwambiri m'nyengo ya matope. Ndinatola kamodzi, ndinakatembenuza, ndinapukusa mutu.

"Iti ndiye topepera. Sitingathe mwezi."

Chikondi anandiyang'ana, anayang'ana timakapeti, ndipo ndinaona nzeru ikumulowa. Anatola tonse, anakatiyala yekha m'galimoto.

"Tengani bambo, n'taulere. Ndaona kuti mwatikonda."

Mwana ameneyu adzafika patali. Nabanda zinamutengera chaka chathunthu.

Masiku ano amayi a chigwirizano amafika ku maliro ndi ku misonkhano ali mbee, ngakhale kuti pokwera mayi Nankhoma amayamba agogoda denga n'kufunsa ngati nkhuku zingalowe. A Yusufu ndinawabwezera tenti yawo itachapidwa bwino ndi mvula. Ndipo amene akufuna kukagula ng'ombe abwere adzanditenge, malamulo a bambo anga akugwirabe ntchito. Timakapeti tija ndi umboni.