Kwa Eni Ake Atsopano a Malemu Bambo Anga

Kwa Bwana Mkulu,
Chiphaliwali Pikichazi,
Lilongwe.

Bwana wolemekezeka,

Ndikulemba kalatayi nditagwada, ndiye mukhululuke ngati zilembo zapendama. Ndine Felton Kamphinda wa kwa Dzoole, uja ndinajambula kafilimu ka bambo anga, a Yeremiya, akusoka fodya m'chigafa uku akuimba nyimbo yomwe anapeka okha pofunsira mayi. Patangotha miyezi iwiri bambowo anatisiya.

Mwina mwaiwala, poti zochita zimakuchulukirani. Pa mpikisano wanu wa mafilimu ku Ntchisi Boma, kalaliki wanu a Innocent anandipatsa fomu ya masamba naini, yachingerezi, tizilembo take ngati utitiri. Ndinasaina, ndinapereka memore khadi yokhayo imene ndinali nayo, ine n'kulandira tisheti. Lero ndati ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa malamulo. Ine ndinkangodziwa kuti wajambula ndiye mwini. Sindinkadziwa kuti umwini umatha kutuluka kudzera m'cholembera. Aphunzitsi ena ku Mvera andimasulira ndime 14 ya fomu ija: akuti filimuyo ndi yanu padziko lonse, mpaka muyaya, ndi m'mlengalenga momwe. Mwanditula katundu, bwana. Ndinkada nkhawa kuti kumwezi ndikaionetsa bwanji, pomwe ku Ntchisi komweku galimoto imatitimira mvula ikangogwa.

Chachiwiri, zikomo powapezera ntchito bambo. Ali moyo anafunsira ulonda kawiri konse osatengedwa. Lero ali pa TV katatu patsiku kutsatsa chakumwa chopatsa mphamvu, pansi pawo patalembedwa kuti "Imwani, simudzatopa." N'zoonadi, chaka chikukwana asanadandaulepo za kutopa. Azakhali anga a Susana anachita kuimba foni kuchokera ku Kasungu kufunsa kuti nanga amene tinaika uja anali ndani.

Chachitatu, zikomo pondidziwitsa kuti ndine wakuba. Ndinajambula kotsatsa kanuko ndi foni n'kukaika pa intaneti kuti abale aone. Tsiku lomwelo kanachotsedwa, kalata yanu n'kubwera yoti ndagwiritsa ntchito nkhope ya eni ake popanda chilolezo. Ndadziyang'ana pagalasi, bwana, ndipo mlandu ndikuuvomera. Mphuno ndi yomweyo, makutu ndi omwewo, ngakhale dazi layamba malo omwewo. Mundiuze ofesi yokabwezako.

Chachinayi sindithokoza, chifukwa chikundiwawa. Mayi anga, a Rakele, tsiku lililonse amayenda ulendo wa ndawala kupita pa golosale yomwe ili ndi TV, n'kukhala pabenchi kudikira. Bambo amangoimba mawu anayi okha, basi wotsatsa wanu wa mawu okhuthala uja walowerera kale ndi za mabotolo. Dzina la mayi lili m'ndime yachiwiri ya nyimboyo. Amabwerera kunyumba asanalimve, mawa lake n'kupitanso, akuti mwina lero wotsatsa wolongololayo achedwa kuntchito.

Tsono Loweruka lomaliza la mwezi uno tili ndi mwambo wa chiliza. Popeza malemu ndi anu mpaka muyaya, akubanja agwirizana kuti mwini mbumba tsopano ndinu. Mubwere ndi khasu lolambulira kumanda, mudzalankhule m'malo mwa banja, komanso mudzaweruze za malire a dimba omwe bambo anasiya akukanganirana ndi a Alexio, eni dimba loyandikana nalo. Aphunzitsi aja awerenga ndime 14 kawiri, akuti dimba sinalipatule.

Ngati msewu wathu ukuopsani, musavutike. Khadiyo sungani, tisheti ndibweza, ndangoichapa kamodzi. Chomwe ndikupempha, ndapota nanu, mungomuuza wotsatsa wanu uja kuti Loweruka limenelo atseke pakamwa mphindi imodzi yokha, bambo afike pa dzina la mayi.

Ine wakuba wanu wodzichepetsa,

Felton Kamphinda,
mwana woyamba wa katundu wanu.